Mawindo asanu a padenga ku Leicester: momwe ntchito ikuyendera

Lachiwiri, 13 Meyi

Oda yatsopano. Nyumba ya banja lina la kwathu kuno ku Leicester, mawindo asanu a padenga, onse ali mbee, opanda chotchinga. Amene anabwera mushopu ndi amayi a m'nyumbamo, atangoweruka kuntchito ya usiku, maso ali psuu. Atamva kalankhulidwe kanga anandifunsa ngati ndine wa ku Malawi, ndipo kuyambira pamenepo Chingerezi tinachiika pambali.

Pempho lawo linali lalifupi. "Achimwene, ndipatseni chakuda bii, choti ndikakoka kukhale usiku." Amasamalira okalamba, amaweruka 8 koloko m'mawa, ndipo chipinda chawo ndi cha m'denga, chija anthu kuno amakonza pamwamba pa siling'i nyumba ikachepa. Miyezi ino dzuwa silipatsa mpata. Pofika pakati pa Juni limakhala litatuluka 5 koloko isanakwane, n'kudzalowa cha m'ma 9:30 usiku. Wogwira ntchito masana amadandaula kale, nanji wogona masana.

Anali ndi pepala lomwe abambo analembapo miyezo ya mawindo onse ndi tepi. Ndinalilandira mwaulemu koma ndinawauza kuti sindigulitsa ma blind (makatani okoka omangirira pawindo penipeni) potengera pepalalo. Windo la padenga lili ndi kachitsulo kolembedwa nambala, ndipo nambala imeneyo ndiyo imalankhula. Pa mawindo a kampani ya VELUX kamakhala pamwamba pa chitseko cha windo, kuseri kwa chogwirira chija chotalika. Ukatsegula windo n'kulipendeketsa kamaonekera pakona. Ndawapempha kuti ajambule kachitsulo ka windo lililonse ndi foni, anditumizire, komanso andiuze chipinda chilichonse chimagwira ntchito yanji ndipo windo lake layang'ana kuti.

"Zonsezo chifukwa cha katani?" anatero akuseka. Eya, mayi, zonsezo.

Lachinayi, 15 Meyi

Zithunzi zafika zinayi. Chachisanu palibe chifukwa windo la pamasitepe lili m'mwamba kwambiri, munthu salifikira.

Kuchipinda chogona kuli mawindo awiri ofanana, GGL MK06. GGL ndi windo la thabwa lozungulira pakati, MK06 ndi kukula kwake, masentimita 78 m'lifupi ndi 118 m'litali. Kubafa kuli GGU CK02, laling'ono, 55 ndi 78, lokutidwa ndi pulasitiki yoyera yolimba kuti chinyezi chisalowe m'thabwa. La kukhitchini, kumene anawonjezera nyumba chakumbuyo, si la VELUX n'komwe. Ndi la Fakro, kampani ya ku Poland, ndipo nalonso ndi 78 ndi 118.

Pepala la abambo lija likanatigwetsera m'mavuto apa. Iwo analemba mawindo atatu kuti ndi ofanana, ndipo poyeza ndi tepi n'zoona ndithu. Koma manambala amenewa ndi a felemu yakunja, pomwe blind imakhala m'kati mwa chitseko, kutsogolo kwa galasi. Kampani iliyonse ili ndi makulidwe ake a thabwa, kapendekedwe kake ka m'mbali ndi malo ake a chogwirira. Cha VELUX chili pamwamba, cha Fakro chili pansi. Blind ya kampani ina ukaikakamiza pa windo la ina, mwina ikana kulowa, mwina ilowa n'kusiya mpata woti chala chipite, ndipo kwa munthu wofuna mdima mpata wa chala ndi dzuwa lonse.

Loweruka, 17 Meyi

Ndinapita kukaona nyumba pamodzi ndi mnzanga amene amamangirira. Tinatenga makwerero aatali chifukwa cha windo la pamasitepe. Kachitsulo kake kanali kakuda ndi fumbi. Titapukuta tinawerenga GGL 304. Ili ndi lakale kuposa ena onse, analipeza pogula nyumba. Manambala a VELUX asintha kangapo: windo la 78 ndi 98 linkatchedwa 304, kenako M04, ndipo a masiku ano ndi MK04. Ndalemba 304 yeniyeniyo pa oda kuti kosungira katundu asaganize okha.

Koma nkhani yaikulu ya lero inali kuchipinda chogona. Tinalowamo cha m'ma 2 koloko masana, kunja kuli kamphepo kozizira bwino, koma m'katimo munali chifundizi chonga cha nyumba ya malata yopanda siling'i mwezi wa Okutobala ku Chikwawa. Mawindo onse awiri ayang'ana kum'mwera, ndipo kuno dzuwa limadutsira kum'mwera chaka chonse. (Ambiri a ife zimatisokoneza poyamba, popeza kwathu nthawi ya Juni limapendekera kumpoto.) Windo la pakhoma dzuwa la masana limangolipsepsa, koma la padenga layang'ana kumwamba, limalandira lonse.

Pabedi panali bulangete lomwe amayi amapachika pawindo ndi zopanira zovala. Ndinawafunsa ngati akapachika tulo timabwera. Anati timabwera, koma pofika 12 koloko amadzuka thukuta lili kamukamu, mutu ukuwawa, n'kutsikira pasofa pabalaza pomwe ana akusewera.

Ndiye kuti vuto lawo si kuwala kokha. Iwo anabwera kudzagula mdima, ndipo ndikanangowagulitsa ma blind awiri akuda akanalipira mosangalala, n'kudzandikwiyira mu Julayi. Blind ya m'kati imatchinga kuwala, koma dzuwa limakhala litadutsa kale galasi. Kutentha kwalowa m'nyumba, kwangotsekeredwa pakati pa galasi ndi nsalu, ndipo pang'onopang'ono kumatulukira m'chipinda. Ya VELUX yotchedwa DKL ili ndi kumbuyo konyezimira kwa aluminiyamu komwe kumabweza kwina, n'zothandiza, koma sizokwanira padenga loyang'ana kum'mwera. Chomwe chimagwira ntchito ndi kutchinga kunja, dzuwa lisanakhudze galasi. Pali njira ziwiri: kaneti kakuda kokoka kunja kwa windo, kamene nambala yake ndi MHL, kapena chitseko chachitsulo chopindika chomwe chimatseka windo lonse kunja. Chachitsulocho chimathetsa zonse, kuwala, kutentha, ngakhale phokoso la mvula chimachepetsa, koma mtengo wake ndi woboola m'thumba ndipo kuchimangirira ndi ntchito yaikulu.

Abambo anamvetsera atapinda manja. Kenako anati, "Bwana, ku England kuno kutentha kwake n'kwa masabata angati? Tilipire zinthu ziwiri pawindo limodzi chifukwa cha masabata atatu?"

Funso labwino, ndipo sindinalipeputse. Anthu ogula nyumba kuno ndalama amaipeza movutikira, mashifiti otsatizana, kwinaku kumudzi akudikira. Ndinangowakumbutsa za Julayi 2022, pomwe ku Coningsby m'chigawo cha Lincolnshire, chomwe chili pafupi ndi kuno, kunatentha kufika madigiri 40.3, koyamba m'mbiri ya dziko lino kudutsa 40. Anati akukumbukira, anagona pansi kukhitchini sabata imeneyo. Ndinawauzanso kuti m'denga simudikira kuti kunja kutenthe kwambiri, umboni ndi lero lomwe. Nyumba za kuno anazimanga kuti zisunge kutentha, ndipo zimasunga ndithu, kaya ukufuna kaya sukufuna.

Tasiyana kuti aganizire. Ndawalembera makotesheni awiri, ina ya m'kati mokha, ina ya m'kati ndi kunja.

Lachitatu, 21 Meyi

Amayi anaimba. Avomera kaneti kakunja pa mawindo awiri a kuchipinda, kuphatikiza ma blind akuda m'kati. Akuti anakambirana usiku wonse ndipo chinamaliza nkhani ndi funso loti amagona masana ndani.

Tinadutsa mawindo enawo mwachangu. Kubafa ndawalangiza ya timapale ta aluminiyamu topendeketsa, PAL, chifukwa nsalu m'chipinda cha nthunzi imachita mawanga akuda ndipo suingachape, yachitsulo umangopukuta. Kukhitchini akufuna kuwala kuchepe pang'ono basi, kuti asamatsinzine posenda anyezi, choncho tatenga yopyapyala yoyera ya Fakro yomwe, yolowetsa kuwala.

La pamasitepe ndilo tinakambirana kwakanthawi. Yokoka ndi manja ilipo, ndipo pali ndodo yotalikitsa yomwe umaikoletsa pa blind uli pansi. Koma ndodo imeneyi ndaiona m'nyumba zambiri: mwezi woyamba imagwira ntchito, wachiwiri yasanduka chothamangitsira akangaude, wachitatu palibe akudziwa komwe ili, ndipo blind imakhala pomwe inasiyidwa mpaka kalekale. Komanso munthu kuimirira pamasitepe atayang'ana kumwamba, manja onse ali pandodo, ine sizindisangalatsa, makamaka m'nyumba momwe agogo amabwera kudzacheza miyezi ingapo. Ndawauza atenge ya sola, DSL. Ili ndi kapanelo kakang'ono koyang'ana pagalasi ndi batire m'kati, sipafunika waya kapena munthu wa magetsi, ndipo imayenda ndi kaswitchi komata pakhoma. Ndi yodula kuposa ya manja, koma pawindo ili lokha.

Mtundu wa nsalu unatitengera nthawi kuposa zonsezi. Amayi ankaganiza kuti kuti kude pamafunika nsalu yakuda. Ayi, mdima umachokera ku chokutira cha kumbuyo ndi tinjanji ta m'mbali, ndiye ngakhale yoyera imadetsa chimodzimodzi. Atamva zimenezo anasankha yotuwa moyererako. Ndinasangalala, chifukwa siling'i ya m'denga ndi yotsika, ndipo zigamba ziwiri zakuda pamwamba pa bedi zimakupanikiza.

Lachisanu, 23 Meyi

Abambo anafika mushopu ndi katoni yaitali m'khwapa, akuoneka kuti akufuna tilankhule pambali. Anapeza blind pa intaneti, yotsika mtengo, yolembedwa M06, ndipo anaganiza kuti apulumutseko pa windo limodzi. Ayesa usiku wathawu, yakana.

M06 ndi MK06 felemu yakunja ndi imodzi, koma K ameneyo akusonyeza mawindo a m'badwo watsopano, omwe thabwa lake analichepetsa kuti galasi likule. Blind ya akale pa atsopano siikhala. Mwayi wake sanaboole paliponse, ndipo katoni sanaing'ambe. Ndawauza kuti malamulo a kuno a 2013 okhudza zogula patali amapatsa munthu masiku 14 kuchokera pomwe walandira katundu kuti abweze, kupatula zinthu zomwe zadulidwa motengera muyezo wake. Yawoyi ndi ya nambala wamba, choncho aibweze lero lomwe asadikire Lolemba, lomwe ndi holide.

Anandifunsa ngati amayi akuyenera kudziwa. Ndinati ine ndimalemba za mawindo basi.

Lachisanu, 30 Meyi

Katundu wa VELUX wafika yense. Wa Fakro sanafike. Ndatsegula katoni iliyonse kumapeto n'kufananiza nambala ndi zithunzi za tizitsulo tija, kenako ndalemba ndi cholembera chakuda pakatoni: kuchipinda kumanzere, kuchipinda kumanja, bafa, masitepe. Makatoni amenewa amafanana kwambiri, ndipo pamakwerero si pomwe munthu angayambe kuwerenga manambala.

Tagwirizana kumangirira Lachiwiri masana, amayi atadzuka.

Lachiwiri, 3 Juni

Tinayamba ndi zakunja kuchipinda, kunja kusanasinthe, popeza mitambo inali ikusonkhana. Anthu amadabwa kuti kaneti kakunja timakamangirira tili m'nyumba, osakwera padenga. Windo lozungulira pakati limatembenuka lonse mpaka galasi lakunja kuyang'ana m'chipinda, ndipo pali kaloko kolowetsa m'bowo la felemu kuti liime pomwepo. Analipangira kutsuka galasi, koma ndi momwenso timagwirira ntchito. Mnzanga anamanga kabokosi ka neti pamwamba, kunsi kwa chivindikiro chachitsulo, n'kuika tingowe tiwiri kumunsi kwa chitseko. Ukafuna kutchinga umatembenuza windo, kukoka neti, kukoletsa pa tingowe, n'kulibwezera. Netiyo imalowetsa kuwala ndipo kunja umaona ndithu, ngati wavala magalasi a dzuwa, komanso windo umatha kulitsegula ili pomwepo.

Ndinaumirira kuti amayi ayese okha kangapo tisanapitirire. Koyamba anachita mantha windo litatembenuka, anaganiza kuti ligwera pabedi. Kenako dzanja linazolowera.

Zam'kati pa mawindo atsopanowa sizivuta. Amabwera ndi tizomangira tapulasitiki m'makona a pamwamba, ndiye kabokosi ka blind umangokakankha mpaka kamveke "kha" mbali zonse ziwiri. Kakamveka mbali imodzi yokha usapitirire. Kenako tinjanji ta m'mbali, ndipo apa m'pamene ntchito imakomera kapena kuipira. Kanjanji kayenera kugona pathabwa kuyambira pamwamba mpaka pansi, ma screw ake ang'onoang'ono omangidwa ndi dzanja. Mnzanga drill amaisiya m'galimoto pa ntchito imeneyi, akuti paini ndi wofewa, ukapanikiza pang'ono screw imangozungulira osagwira, kapena kanjanji kamapindika n'kuyamba kuluma nsalu. Pomaliza tizingwe ta m'mbali timakoletsedwa kumunsi kwa tinjanji. Ndi timeneti timachititsa kuti blind iime paliponse pomwe waisiya m'malo mothawira m'mwamba. Tili m'kati mwa njanji, sitilendewera, choncho mwana sangakolekemo khosi. Amayi anafunsa zimenezi okha, ali ndi wa zaka 4.

Titamaliza tinatseka chitseko cha chipinda, kukoka onse awiri, n'kuima phee kudikira maso azolowere. La kumanja linali bii. La kumanzere linali ndi kamzere kowala pakona yakumunsi, kopyapyala koma kakuthwa, kolunjika pomwe pamakhala pilo. Tinamasula ma screw awiri, kukankhira kanjanji pansi pang'ono kuti kakhudze pakona, kumanganso. Kanazima. Kuyesa kumeneku sindikudumpha pa nyumba iliyonse, chifukwa magetsi ali oyaka kapena chitseko chili chotsegula kamzere kotere sukaona, ndipo mwini nyumba amadzakapeza yekha tsiku lomwe watopa kwambiri.

Kubafa sikunachedwe.

Pamasitepe ndi pomwe tinatuluka thukuta. Windo la 304 lilibe tizomangira tokonzeratu, umayamba waika tako, ndipo thabwa lake linapakidwa vanishi mobwerezabwereza moti m'makona munali zibuma zolimba. Mnzanga anapala ndi mpeni mofatsa kuti kazomangira kagone bwino, ine nditagwira makwerero omwe mwendo umodzi unali pa sitepe ina, wina pa thabwa lomwe tinasanja. Tili pomwepo ndinaona madontho akuda pathabwa lakumunsi kwa galasi. Si kudontha kwa denga, ndi thukuta la galasi la nyengo yozizira lomwe limatsetsereka n'kukhala pamenepo chaka ndi chaka. Ndaonetsa abambo chithunzi. Thabwa likadali lolimba, koma lipalidwe n'kupakidwanso chilimwe chisanathe.

Blind ya sola inayenda titangoilumikiza ndi kaswitchi kake. Wa zaka 4 uja anaitsitsa n'kuikweza mpaka amayi ake anamulanda. Tamata kaswitchiko m'mwamba.

Mvula inayamba tikulongedza zida.

Loweruka, 7 Juni

Ndawatumizira uthenga wa kasamalidwe, kuti asadzaiwale zomwe ndinanena pakamwa tili piringupiringu.

Chachikulu ndi cha nyengo yozizira. Blind ikatsekedwa usana ndi usiku, mpweya wofunda wa m'chipinda sufika pagalasi, galasi limazizira kwambiri, ndipo chinyezi chomwe chazembera kuseri chimasanduka madzi. Ndiye akadzuka azikweza ndithu, ndipo chogwirira cha pamwamba chija azichitsitsa kamodzi kokha, pomwe chimatsegula kampata kolowetsa mpweya windo lili chitsekere. Ambiri sadziwa n'komwe kuti kampatako kalipo. Neti yakunja aziikoka m'mawa dzuwa lisanafike pagalasi, asanagone, osati chipinda chitatentha kale. Ndipo kukafika chisanu aibwezere m'kabokosi kake. Nsalu azipukuta ndi kansanza konyowa pang'ono, opanda sopo wamphamvu.

Ndawonjezeranso kuti asamate pepala lonyezimira kapena lakuda pagalasi penipeni, monga ena amachitira m'nyumba za lendi. Galasi la magawo awiri likatentha mbali ina kwinaku m'mphepete muli mozizira limatha kung'aluka, ndipo kusintha galasi n'kodula kuposa blind.

Lachisanu, 20 Juni

Sabata ino kwatentha, ndipo foni ya mushopu sikupuma. Aliyense akufuna chotchinga kunja lero lomwe, anthu omwewo amene mu Epulo ankati n'kuwononga ndalama. Oda za tsopano zidikira.

Amayi aja anadutsa akupita kuntchito. Akuti m'chipinda mukufundabe masana, sindinawanamize kuti mudzazizira ngati muli makina, koma akugona mpaka 3 koloko osatsikira pasofa. Chatsopano n'choti akamagona windo lili lotsegula pang'ono, ntchentche ndi njuchi zikulowa. Afunsa za neti ya tizilombo. Imeneyo ndi yosiyana ndi zonse zomwe tamanga, chifukwa siimangidwa pawindo koma pakhoma lozungulira windo, choncho nambala ya pakachitsulo siithandiza. Apa tepi ya abambo ija igwira ntchito. Ndawauza ayeze m'lifupi pamwamba, pakati ndi pansi, chifukwa pulasitala wa m'denga sakhala wowongoka kawirikawiri, ndipo ndidzayezanso ndekha ndisanaitanitse.

Ya Fakro yafika dzulo, nambala ndafananiza, ili bwino. Timanga Lachiwiri likudzali cha m'ma 3:30, ndipo miyezo ya neti tidzatengera komweko. Ndalama yotsala alipira ya kukhitchini ikamangidwa. Vanishi wa windo la pamasitepe abambo akuti agula, koma sanapake.